Mbuzi ya ukwati wa Dickson

Likoswe, Chiradzulu
9 Meyi 1994

Okondedwa achemwali a Kristina,

Ndikudziwa chomwe chikukuvutani kumeneko ku Mzuzu. Mwamva kuti ine ndi Abbas sitikuyankhulana, ndiye mukufunsa kuti mbuzi ya pa ukwati wa mng'ono wathu Dickson azinga ndani. Nkhawa yanu njomveka, pakuti akapanda kuzinga Msilamu, theka la mudzi lidzangoyang'ana nyamayo osaikhudza. Khalani pansi ndikuuzeni, ngakhale wopusa m'nkhaniyi ndine.

Mukukumbukira maphunziro aja a kuseminale, ofufuza kuti kukhala munthu n'chiyani? Ndinkaganiza kuti amene wamvetsa zimenezo wadziwanso wom'votera sabata yamawayi. Tsono ndinapita pakhonde pomwe Abbas amasokera zovala, ndikumufotokozera pang'onopang'ono ngati ndili m'kalasi.

"Tinabadwa osafunsidwa," ndinatero.

"Zoona, aphunzitsi."

"Tidzafa, ndipo palibe angatifere m'malo mwathu."

"Zoonanso."

"Choncho aliyense asankhe yekha, asabisale kumbuyo kwa gulu."

"Eeh, mwalasa!"

"Basi, tivotere chipani changa."

Abbas anaimitsa makina. "Iyayi, achimwene. Msewu womwewo ine wanditula kuchipani changa."

Ndinabwereza katatu. Katatu konse anavomera zonse, n'kukhotera kwake pomaliza. Ndinachoka osatsanzika, ndipo masabata awiri ndinkazungulira kumunda kwa chinangwa kuti ndisadutse pakhonde pakepo. Musaseke, kapena sekani pang'ono.

Kuzungulirako kunandipatsa nthawi yoganiza. Mfundo zija zimandiuza kuti ndiyenera kusankha, koma sizitchula choti ndisankhe. Munthu wankhanza nayenso anabadwa osafunsidwa, ndipo akhoza kuvomera zonsezo. Chipani changa ndinachikonda kale pa zifukwa zina, maphunzirowo ndinangowaveka pamwamba ngati jekete.

Dzulo ndinalimba mtima kukapepesa. Ndinam'peza akunola mpeni.

"Wa chiyani?" ndinafunsa.

"Wa mbuzi yanu, nanga wa chiyani? Loweruka si ukwati?"

"Chikhalirecho sindinakupatseni moni?"

"Amayi anu anandisunga miyezi itatu amayi anga ali m'chipatala. Zimenezo m'buku lanu mulibe? Komanso mbuziyo inabadwa osafunsidwa ndipo idzafa yokha. Kaifunseni ivotera ndani."

Tinaseka mpaka makasitomala ake anadabwa. Ndinamusiyira malaya a mkwati kuti awachepetse manja.

Choncho bwerani, achemwali, nyama tidya tonse. Amayi akuti mubweretse nsalu yawo ija, ndipo mukafika ku Limbe musachedwe ndi zogula. Moni kwa alamu ndi ana. Mukapeza mpata, ayeseni alamuwo mafunso atatu aja mofatsa, muone kumene akatsikire. Akatsikira kwina, muwapatsebe madzi osamba.

Ndine mlongo wanu,
Mikaele