Mbewu ya Udzu wa Atate

Kasenengwa,
Chipata.
19 Okutobala 2025

Okondedwa achimwene a Jonah,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku New Zealand. Kuno tilipo, koma dzuwa latiwamba. Amayi miyendo ikuvutabe, ndipo alamu anu a Boaz ayamba kale kusosa. Musadabwe kulandira kalata ya papepala ngati kuti foni ndilibe. Ndaitumiza pa positi dala kuti ichedwe panjira, chifukwa zimene zili m'menemu zandikanika kunena ndi pakamwa.

Ndi nkhani ya udzu wa atate, uja wa kumapeto kwa dimba umene unkakhala wobiriwira mpaka mvula yoyamba. Mukumbuka mmene tinkakusekerani mutabwera ndi zotsatira mutakauyeza ku Lusaka? Munati mkati mwa udzuwo mumakhala mafangasi, abale ake a bowa ndi chuku, osaoneka ndi maso. Kuti udzu umawadyetsa, iwo n'kumauteteza ku ludzu, ku tizilombo ndi ku matenda. Ndiponso kuti amalowa m'mbewu momwe, n'kupita kwa ana ake. Amayi anati, "Sukulu yonseyi kuphunzira chuku?" Inu simunaseke. Pokwera basi ku Kapata munandipatsa envulopu ya mbewu ya udzuwo, popeza kumeneko salola kulowa nayo, n'kunena kuti, "Rosina, uyiike mufiriji. Ndikamaliza maphunziro ndidzabwera kudzaichulukitsa, ng'ombe za kwathu zileke kufa m'chilimwe."

Ndinaiikadi mufiriji kwa azakhali a Edita ku Nabvutika. Koma chaka chatha magetsi ankangobwera ngati mlendo, firiji inasanduka kabati, envulopu n'kuyamba kunyowa. Ndinaitenga kubwera nayo kumudzi. Amayi ataiona anati, "Mbewu isungidwa ku utsi, mwana wanga. Kuyambira kale ndi mmene tichitira." Ndinaikulunga bwinobwino m'kansalu, ndi manja angawa n'kuipachika kudenga la khitchini pamwamba pa moto, pamodzi ndi chimanga cha mbewu. Inakhala pamenepo miyezi isanu ndi iwiri, ine n'kumadzitama mumtima kuti ndasamala katundu wa achimwene.

Chilala chija chitafika povuta, malo obiriwira m'mudzi monse anali pa udzu wa atate pokha. Anthu anabwera kudzapempha kuti ng'ombe zawo zidyeko. Ndikanakana bwanji, ng'ombe zikugwa m'njira? Ndinati mbewu ilipo, zidye. Zinadya mpaka kuzula ndi mizu yomwe, ndipo mvula itagwa a Boaz anatipula malowo n'kubzala nsawa.

Mbewu yanu ndinaifesa mu Disembala kuseri kwa khola. Inamera bwino kwambiri, zithunzi munaziona, munachita kuimba foni kawiri tsiku limodzi. Koma mu Juni masamba anayamba mawanga ofiira, ndipo pofika Ogasiti udzuwo unali utauma mofanana ndi udzu wina uliwonse wa m'tchire. Ndinkaganiza kuti vuto ndi dothi, mpaka tsiku lija munati pafoni, "Mwayi wake inali mufiriji. Ikatenthedwa mbewu imamerabe, koma mafangasi amafera mkati." Ndinati netiweki yavuta. Sinavute, achimwene. Ndinakhala pansi pakhonde, foni ili m'manja, kuyang'ana utsi ukutuluka kudenga la khitchini. Zithunzi zimene ndakhala ndikukutumizirani kuyambira pamenepo n'za mwezi wa Malichi, ndimangosintha potsatira masiku.

Mundikhululukire. Ndinanama chifukwa cha mantha. Tsiku lomwelo munati akufuna kukupatsani ntchito kumeneko, ndipo chimene chikukukokerani kunyumba ndi udzuwo. Mwina munangonena mocheza, koma ine mawu amenewo sanandichoke m'maganizo. Zaka zitatu tsopano chichokereni inu. Ndakusowani, achimwene. Ndasowa ngakhale kundikonza kwanu kuja, munthu osamaliza chiganizo inu mwayamba kale kufotokoza. Njinga yanu ikadali pakhoma, a Boaz ndinawaletsa kuikwera ngakhale matayala ake atha kale ndi dzuwa.

Lamlungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi ndimatsika kumtsinje, kutsata njira za ng'ombe, poganiza kuti mwina ina inakagwetsa mbewu m'ndowe. Anthu ayamba kundinena kuti ndikufuna mankhwala. Ndapeza zitsa zitatu zobiriwira pafupi ndi chulu cha kumalire, ndazitchinga ndi minga, ndipo mbuzi ikayandikira imandidziwa. Sindikunamizaninso: sindikudziwa ngati ndi udzu wa atate, kapena ndi chinyontho cha pachulu chabe. Ndang'amba tsinde limodzi n'kuliyang'ana padzuwa mpaka misozi, osaona kanthu. Pafunika maso anu ndi makina anu aja.

Ndiye pempho langa ndi ili. Ngati zitsa zitatu zikukwana kuti munthu akwere ndege, bwerani mvula isanabise chobiriwira chenicheni pakati pa udzu wonse. Ngati sizikukwana, ndiuzeni ine ndekha. Amayi musawauze, ndidzapeza mawu ake.

Alamu anu akupereka moni, azakhalinso chimodzimodzi. Amayi sakudziwa kuti tinalakwa. Dzulo ndikuwauza kuti ndikulemberani anati, "Umuuze kuti nsawa zake za chalimbana ndamusungira kudenga, pamalo pomwe panali mbewu yake. Azidzatsitsa yekha, ine kutalika kulibe." Chaka chilichonse amachotsa zakale n'kupachika zatsopano, ndipo sindinawaletse.

Ndine mlongo wanu wokuyembekezerani,
Rosina