Chambo chimene ndinabwerera nacho

Amayi anga, kaya mwadzuka bwanji kumene muliko?

Kuno ku Senga Bay tilipo. Mpongozi wanu Nasibeko anachira mvula ili mkati, mwana wamkazi, mphumi ngati yanu yomwe. Mpunga wa ku Maganga unacha bwino, kungoti mbalame zinatithandiza kukolola. Denga la khitchini yanu layamba kudontha, ndikudikira udzu uume.

Koma chimene ndatengera pensulo ndi china. Mukukumbukira nyumba ya azungu ogula thonje ku Salima, kumene ndimaperekako chambo Lachisanu lililonse? Kwabwera mzungu watsopano. Sabata yatha tinapitako ndi achimwene a Labani, dengu lili panjinga. Ndinavula chipewa n'kupereka moni. Iye ali pakhonde anangoloza pansi ndi ndodo, amvekere, "Iwe nyani, ika apo." M'Chinyanja, Amayi, kuti ndimve bwinobwino.

Nditacheuka ndinaona a Labani atatola mwala. Ndinadziwa kuti akangoponya, ana awo akula bambo awo ali kundende, ndiye ndinawagwira dzanja. Apo m'pamene ndinakumbukira zimene munkandiuza ndikabwera ndikulira anzanga atanditukwana, kuti ndisabweze, koma ndisamezenso. Ndimuuze munthu pamene walakwa, ndikatero ndizipita.

Ndinati, "Bwana, ine ndine Jailosi. Anyani ali kuphiri uko, ndipo sagulitsa nsomba." Ndinavala chipewa changa iye akuona, tinatembenuza njinga. Chambo china tinagulitsa kusiteshoni ya sitima, china chinatiwolera m'dengu.

A Labani anatha masiku awiri osandilankhula, ati ndinachita mantha. Nasibeko naye ati ndataya msika chifukwa cha pakamwa, khanda lili m'manja. Mwina onse ali ndi mbali yawo.

Dzulo m'mawa kunafika a Saidi, khukhi wa panyumbapo, kudzanena kuti bwana akufunsa chimene nsomba zasiyira kubwera. Ndinawafunsa kuti, "Wati abweretse ndani?" Anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anati, "Wati Jailosi."

Sanapepese, ndipo sindikudikira zimenezo. Lachisanu ndipita, chipewa chili kumutu.

Ndimakusowani, Amayi, makamaka pa zinthu ngati izi. Ndikukulonjezani kuti sindidzatolera munthu mwala, koma sindidzavomeranso dzina limene inu simunandipatse.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Jailosi