Apongozi Akuti Ndawatsirikira Pakhomo

Agogo,

Ndine bambo wa ana awiri, ndimagwira ntchito m'fakitale ya tiyi pa esiteti ina kufupi ndi Chitakale. Ndikukulemberani chifukwa cha mapazi a munthu amene mwambo sundilola ngakhale kumupatsa moni: apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga.

Mkazi wanga Esteri anagonekedwa kuchipatala cha mishoni nthawi yokolola, akudwala chifuwa chachikulu, ndipo mpaka lero ali komweko. Kumudzi kwawo, kuseri kwa Nkando, tinachokako pamene esiteti inandipatsa nyumba kumalaini, ndiye kuno tilibe mbale. Apongozi atamva za matendawo sanadikire kuitanidwa. Sabata iliyonse amanyamuka ku Nkando wapansi, dengu pamutu, muli ufa, nandolo, nthawi zina nyemba za kalongonda zophika kale. Amayamba kuchipatala kukasambitsa mwana wawo, kenaka amafika kumalaini kudzachapira adzukulu. Kukhalitsa sangathe, chifukwa kumudzi anasiya apongozi aamuna amene anachita khungu. Basi amaikana, akuti imawasanzitsa.

Mayi amenewa ine ndimawagomera, Agogo. Anabwera m'dziko muno ali kamtsikana, wapansi, kuchokera kwa Apwitikizi. Pa njala ya 1949 ndi iwo amene ankawoloka malire kukasuma chinangwa, ndipo pakhomo pawo sipanafe mwana. Ndi aafupi, oonda, koma ndikukhulupirira kuti amuna otsitsa matabwa ku Chambe angakhale pansi iwo akuyendabe. Mayi anga ondibereka anamwalira kalekale. Ana anga akanakhala ngati amasiye pakanapanda iwowa.

Tikakumana panjira, ine ndimapatukira m'tiyi n'kunyonyomala, maso pansi, monga anatilangira. Ndiye chimene ndimaona cha iwo ndi mapazi basi. Nkhope yawo mwina ndingaisokoneze ndi ya wina pamsika, koma mapaziwo ndimawadziwa ngati anga. Chiyambireni kutentha kuno asintha. Zidendene zachita ming'alu yakuya, akakolo atupa, phazi lamanzere akuchita kulikoka. Tsiku lina atadutsa ndinaona kadontho ka magazi pafumbi. Iwo kudandaula ayi, amadutsa akung'ung'uza nyimbo ya kutchalitchi. Esteri sindinamuuze, chifukwa ndikudziwa kuti angalire n'kuwaletsa kubwera, ndipo onse awiri zingawapweteke mtima.

Mnzanga wina wa m'fakitale, amene anapita kunkhondo ku Burma, anandiuza kuti asilikali akayenda kwambiri ankaviika mapazi m'madzi ofunda amchere. Loweruka lina nditaweruka ndinatenthetsa madzi, ndinathiramo mchere, ndipo mwa nzeru zanga ndinaonjezamo masamba a bulugama kuti azinunkhira bwino. Nditawaona akutulukira kumapeto kwa malaini, ndinaika beseni pakhomo penipeni kuti asaliphonye, ine n'kukabisala m'nthochi kuseri. Ndinaona mapazi aja akufika, anaima kanthawi, kenaka anayamba kubwerera chambuyo.

Madzulo ake mayi wa nyumba yoyandikana nafe, a Enifa, anandiitana. Anati: "Bambo a Joice, mwachita chiyani? Apongozi anu akuti, 'Mkamwini wandiikira mankhwala pakhomo kuti ndisalowenso. Ndamutopetsa. Koma anawo ndi anga, ndiziwaonera pansi pa mtengo.'" Ndinawapempha a Enifa kuti akalongosole. Yankho linabwera lalifupi: "Wotsirika anavomerapo liti?"

Kale ankagona kwathu, ine n'kukagona kwa mnzanga, m'mawa mwake n'kumabwerera atapumako. Tsopano ufa amasiya kwa a Enifa, ana amawachapira pansi pa mango, ndipo amabwerera ku Nkando tsiku lomwelo. Ndiye kuti ndi dzanja langali ndawaonjezera ulendo, ine amene ndimafuna kuwapepuza. Zikundiwawa kwambiri. Phazi lija likuipiraipira.

Agogo, kodi mapazi otere amawasamalira bwanji? Nanga ndiwathandiza bwanji munthu amene sindingamuyankhule, amenenso tsopano akundiopa?

E.S.,
Chitakale, Mulanje.

A E.S.,

Makalata a akamwini ndimalandira ambiri, koma pafupifupi onse amakhala odandaula kuti apongozi ndi alongolongo, apongozi amawerenga nthuli za nyama. Inu ndinu oyamba kundilembera za zidendene zawo. Apongozi anuwo ndi mayi weniweni, ndipo mkamwini anapeza wabwino, kungoti sakudziwa.

Komatu pa beseni paja munaphonya, mdzukulu wanga. Madzi a masamba, pakhomo penipeni, mwini wake osaoneka! Ngakhale ine ndikanabwerera chambuyo. Musawaone ngati okayikira zachabe. Munthu amene akudziwa kuti akubwera kawirikawiri pakhomo pa eni amakhala ndi mantha kale oti mwina watopetsa anthu, ndiye anangoona chimene ankachiopa.

Tiyambe ndi zimenezo, chifukwa mankhwala a mapazi alibe ntchito ngati mwini mapazi akuthawa. A Enifa ndi munthu wabwino, koma nkhani iyi si yotuma woyandikana naye nyumba. Ankhoswe anu ali kuti? Ntchito yawo si yoweruza ndewu yokha. Lamulungu likubwerali bwerekani njinga, mutenge ankhoswe, mutengenso nkhuku, mupite ku Nkando. Akuluakulu akwanuko akudziwa mmene mkamwini amene wabereka kale ana amapemphera kuti azilonjerana ndi apongozi ake. Afunseni, adzakuuzani zoyenera. Apongozi akakana zoyankhulana maso ndi maso, palibe kanthu. Khalani kuseri kwa nkhokwe, ankhoswe azipereka mawu.

Beseni lija mupite nalo. Wofulula mowa amayamba walawa yekha anthu akuona, kuti onse amwe mtima uli m'malo. Inunso teroni. Madzi atenthetse mwana wa pakhomo pawo, mchere uchokere m'nyumba mwawo, masamba a bulugama muwasiye kumitengo. Ndiye muviike mapazi anu oyamba, pabwalo, anthu akuona. Ena adzaseka, alekeni aseke.

Esteri muuzeni. Ndi wodwala, koma si mwana, ndipo mayiwo ndi ake. Mumuuze kuti simukufuna kuwaletsa kubwera, mukungofuna kuti azigonanso m'nyumba. Mawu a mwana wawo adzalowa pamene anu sangafike.

Tsopano za mapaziwo. Madzi akhale ofunda, osati owawula. Woyesa aviikemo chigongono, chikapirira ndiye kuti ali bwino. Muthiremo mchere wodzaza dzanja, aviike mpaka madziwo atayamba kuzizira. Khungu likafewa, akhule zidendene pang'onopang'ono ndi mwala wosambira, koma pamng'alu pamene pakutuluka magazi asakhulepo, angotsukapo ndi sopo. Apukute bwinobwino, makamaka pakati pa zala, ndipo wina wamaso akuthwa ayang'ane ngati mulibe matekenya kapena minga yotsalira. Kenaka adzole mafuta a nsatsi kapena a mtedza, ndipo pamene pali chilonda amangepo kansalu kochapa bwino kuti fumbi lisalowe. Mayi mnzawo awasisite kuyambira kuzala kukwera kukatumba, osati kutsika. Pogona, miyendo aisanjike pathumba la chimanga kuti ikwere kuposa chiuno. Kutupa kochokera kuulendo kumaphwa ndi zimenezi. Pansi pa phazi pakamawawa, apondere chitsononkho kapena botolo n'kumaligubuduza atakhala pampando.

Pali zina zimene asachite. Matuza asawaboole ndi minga. Asatemere mphini pa phazi lotupa, ngakhale wina atawauza kuti magazi oipa atuluke. Asathire phulusa kapena dothi pachilonda.

Za nsapato, musathamangire kwa Mmwenye kukagula zachikopa. Phazi limene layenda pansi moyo wonse likalowa m'menemo limatuluka ndi matuza. Zofunika ndi nkhwayira za tayala, zazingwe zofewa. Muyezo muli nawo kale: akadutsa, ikani bango pamene aponda, mulithyole molingana, mupite nalo kwa wosoka. Ayambe kuzivala pakhomo asanayende nazo ulendo wautali.

Ndipo dengu lija lichoke pamutu pawo. Katundu ali pamutu, koma amene amamva kulemera ndi mapazi. Njinga mwabwerekayo muziibwereka ndithu, ufa muzikatenga nokha Lamulungu. Iwo azibwera chimanjamanja, azinyamuka nthaka isanatenthe, akafika pamtsinje aviike mapazi m'madzi ozizira, ndipo akafika kwanu agone, ngati n'kotheka atsotse tsiku. Apongozi aamuna sangasowe mdzukulu kapena mlongo wowaphikira masiku awiri. Kuwaletseratu kuyenda musayese. Munthu wotere mukamukhazika pansi ndiye mwamudwalitsa.

Chenjezo langa ndi ili. Phazi lamanzerelo sindikulikonda. Ngati chilonda chayamba kununkha kapena kutuluka mafinya, ngati kufiira kukukwera mwendo, ngati m'mphechepeche mwatuluka mwanabere, ngati thupi latentha, kapena ngati kutupa sikuphwa atapuma, imeneyo si nkhani ya mchere ayi. Chipatala amalowamo sabata iliyonse kukaona Esteri, ndiye aonetse phazilo kwa adokotala tsiku lomwelo. Esteri ndi amene angawagwire dzanja n'kuitana namwino.

Musadikire Lamulungu lina, pakadafunda padajiwitsa galu. Manyazi okakhala pabwalo la apongozi mapazi ali m'beseni ndi a tsiku limodzi. Mukazengereza, tsiku lina mudzawanyamula pamachila kuchokera panjira, ndipo pamenepo palibe amene adzakufunseni ngati mwambo ukulola.

Agogo.