Thadzi Lobisidwa Pansi pa Bedi

Wokondedwa mng'ono wanga Rute,

Ndikhulupirira kuti iwe ndi alamu anga muli bwino ku esiteti kumeneko. Fodya wayamba kuuma? Ine thupi lili bwino, mtima ndiye ayi. Foni yako ndayiyesa mpaka chala kuwawa, sikulowa, ndiye ndapempha a Gracian a lole aja kuti akupatse kalatayi pamanja. Ukhale pansi kaye.

Ukuwadziwa abakha a abambo, mmene amatsikira ku sikimu kukasambira m'ngalande za mpunga. Chaka chino ku Bwanje kunadzaza mbalame zam'madzi, zina zikungofa m'mapuloti. Posakhalitsa nkhuku zathu zinayamba kugwa, mitu yotupa, miyendo yofiira.

Tonse tinati ndi chitopa. Ndipo ukudziwa mmene timachitira chitopa chikalowa pakhomo: mpeni msanga nkhuku isanafe yokha, kusosola, kuwamba, kugawirako anansi. Abambo anakhala tsiku lonse pansi pa mango akusosola, nthenga mbwee mpaka m'ndevu. Atatha anakasesa khola, fumbi koboo, iwo ali momwemo.

Sabata isanathe thupi lawo linatentha, mpweya n'kuyamba kuwathawa. Pano ali kuchipatala cha ku boma, m'chipinda chaokha, akupumira makina. Ine ndimawaonera pawindo. Madokotala akuganizira chimfine cha mbalame. Atumiza zoyeza ku Lilongwe, yankho silinabwere.

Kumudzi kunafika alangizi a ziweto, a Jasper, ndi anzawo ovala zoyera thupi lonse. Anati nkhuku ndi abakha onse aphedwe, akwiriridwe. Amayi ukuwadziwa pakamwa. Anawaimirira pakhomo n'kuwauza kuti iwo akula ndi nkhuku za chitopa, nthenda ya nkhuku sigwira munthu, ndipo ngati abambo akudwala ndiye kuti alipo wawachita.

Ine ndinalipo tsiku limenelo, ndinabwera kudzatenga ufa. A Jasper sanapse mtima. Anathyola chisoso kuseri kwa khola, n'kuchikhudzitsa pa jombo yawo, chinagwa. Atachikhudzitsa pa chitenje cha amayi, chinakakamira. Anati kachilombo ka chimfine cha mbalame nakonso n'kotero, sikagwira paliponse, kamafuna malo okayenera. M'mero ndi m'matumbo a nkhuku malo amenewo ali ponseponse. M'mphuno ndi m'mero mwa munthu muli a mtundu wina, n'chifukwa chake anthu ambiri kamangowadutsa. Koma pansi penipeni pa mapapo athu pali malo ofanana ndi a mbalame. Munthu akapumira kwambiri fumbi la nthenga ndi zitosi, kamafika kumeneko, ndipo kakagwira kumeneko kamagwira poipa. Anatinso nkhumba ili ndi malo a mitundu yonse iwiri, isayandikire nkhuku zodwala.

Amayi anangothothola chisosocho pachitenje n'kunena kuti amva. Ine ndinakhulupirira, Rute, chitsiru ine! Ndinanyamula ufa wanga n'kubwerera kuchipatala.

Tsopano imva. Ukukumbukira thadzi lamawanga lija abambo anapatsa mwana wako Edna likadali kamwanapiye? Amene anasesa mudzi aja sanalipeze. Amayi analivundikira m'dengu n'kulikankhira pansi pa bedi, bedi lomwelo limene amagona ndi Edna. Akuti abambo ndi amene anawanong'oneza tikuwakweza pa kabaza, kuti zivute zitani, nkhuku ya mwana isafe. Abambowo ankaganiza zolipulumutsa ku chitopa.

Koma abale! Windo lotseka, chitseko chotseka kuopa anansi angamve kulira kwake, zitosi zikuuma momwemo, mwana akupumira zomwezo. Edna ndiye ankalipatsa madeya, ankalitulutsa n'kulifukata ngati khanda. Litafa, analipeza ndi iyeyo. Akuti analira atalikumbatira kumaso, akuliuzira mpweya kukamwa kuti lidzuke.

Ine zonsezi ndazimva Lachiwiri, nditapitanso kumudzi. Ndinamupeza Edna ali gone pamphasa, thupi ngati moto, akutsokomola. Amayi anali atamufunditsa bulangeti, akuti ndi malungo chabe. Nditaona nthenga zamawanga kudzala, ndinawafunsa maso ndi maso. Anayamba kulira. Anandigwira miyendo kuti ndisapite naye Edna kuchipatala, ati akawamanga chifukwa chobisa nkhuku, atinso mwana akamutsekera yekha ngati abambo.

Ndinawalankhula mawu amene mwana sayenera kulankhula kwa make. Ndinabereka Edna, msinkhu wonse uja, n'kuthamangira ku msewu. Palibe amene wamanga amayi. A Jasper anangopita kukathira mankhwala m'nyumba n'kuwauza kuti akangomva kutentha thupi abwere msanga.

Edna amugoneka m'chipinda choyandikana ndi cha abambo, pakati pali khoma lokha. Amuyambitsa mankhwala. Anamwino akuti ndachita bwino kufulumira, koma sakundilonjeza kanthu, ndipo ine sindikunamiza. Edna akatsegula maso amafunsa iwe. Ine amangondiyang'ana pawindo n'kutembenukira kukhoma.

Bwera, Rute. Usadikire kuti fodya athe, usadikire chilolezo cha kapitawo. Kwera lole yomweyi pobwerera. Usanyamule nkhuku ya odwala monga timachitira, chonde, bwera chimanjamanja. Ndipo ukafika usakawakalipire amayi. Ndawakalipira kale ine zokwanira tonse awiri, ndipo kuyambira tsiku lija sakudya.

Chimene chikundidya ine ndi ichi. Dzulo abambo anapezako mphamvu, anandikodola pawindo. Anachotsa chopumira chija pang'ono n'kufunsa ngati thadzi la Edna lapulumuka. Ndinagwedeza mutu, kaya anamva kuti eya, kaya ayi. Kenako analoza khoma. Anati pali kamwana kakutsokomola kuseriko kosalekeza, kakuwamvetsa chisoni, ndikafunse kuti n'ka yani kuti azikapempherera potchula dzina.

Ndinawauza kuti ndikafunsa. Mawa adzandifunsanso, ndipo ine ndekha sindingathe kuwayankha.

Upereke moni kwa alamu ndi onse a kumeneko. Mulungu akuyendetse bwino pamsewu, ndipo atisungire awiriwa mpaka ufike.

Ndine mkulu wako,
Esnath