A Kamwendo anayankhula lero

Lachinayi madzulo. Ndaweruka mtima uli myaa, ngakhale ndachitako manyazi.

Tinali ndi msonkhano kusitolo yathu ya ku Area 1, chifukwa makasitomala akuchepa ndipo eni ake akuti mwina atseka. Bwana wakale ankayankhula yekha, ife n'kumangoti "zoona, bwana." Koma mayi Nachisale, bwana watsopanoyu, ndi ofatsa. Anafunsa chimene chavuta, kenako anadikira kuti tiyankhe.

Ine ndi pakamwa pangapa ndinayamba kulongolola. Mayi Nachisale anamwetulira. "Mudikireko, a Lonjezo. Tiyambire kwa a Kamwendo."

A Kamwendo ndi alonda athu, ndipo zaka zonsezi sanayankhulepo pamsonkhano. Anavula chipewa n'kuyang'ana pansi. Mayi anadikirabe, mpaka ine ndinayamba kutekeseka pampando. Kenako a Kamwendo anayankhula.

"Mayi, anthu ambiri amabwera nthawi ya nkhomaliro. Amapeza tatseka, nonse mwakadya. Ndimawabweza ndine, iwo n'kulowera ku msika wa Tsoka."

Mayi analemba. Kuyambira mawa tizikadya mosinthana.

Potuluka, a Kamwendo anandinong'oneza kuti anaziona kalekale, koma palibe anawafunsapo. Ine ndimadutsa pakhomo pomwe amalonderapo kanayi pa tsiku, ndipo ndimangowauza za mpira...