Chala cha alamu anu pansi pa galimoto

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Ife kuno tilipo, chimfine chokha.

Loweruka alamu anu ananditengera ku Govan, dera lina la Glasgow kuno, kukaona galimoto yakale ya ku Amereka imene mzungu wina akugulitsa. Chigalimoto chofiira, chiwongolero kumanzere. Mwiniwake atachiliza, alamu anuwo anaiwaliratu kuti tikufuna galimoto yoti ndizipitira kuntchito kuchipatala.

"Ndione kunsi," anatero ngati makaniko. Anagona chagada n'kugogoda kamodzi. Dzimbiri linawakhuthukira kumaso, kenako ndinangoona chala chawo chatulukira mkati, pafupi ndi mpando.

Mwiniwake anati bowolo limathandiza kukatentha. Ndinamufunsa kuti ku Glasgow kuno kunatenthapo liti.

Tinabwerera pa basi. Mukawaimbira foni, chonde za galimoto musafunse. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Tadala