Amayi Awapatulira Mbale

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Kuno ku Benga tilipo, chilonda cha Amayi chikuuma.

Tsiku lija munkafotokoza pafoni za ufa wa kuntchito kwanu umene umawala ukalandira cheza chowotchera khansa, kuti madokotala adziwe mlingo wake, Azakhali ankamvetsera. Tsopano akuti nawonso Amayi anasunga cheza m'thupi pamene ankawawotcha khansa kuchipatala. Awapatulira mbale ndi kapu, ndipo ana akuletsedwa kuwayandikira. Nditatsutsa anati, "Iwe wa Fomu 2 ungadziwe kuposa mkulu wako?"

Amayi sakudandaula, koma chakudya akungochisiya. Ine ndatopa kukangana. Chonde aimbireni Azakhali Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, inu akumverani. Pakadali pano ndikumadya ndi Amayi m'mbale yawo yomweyo, ndipo apo m'pamene amadyako pang'ono.

Mulungu akusungeni.

Mng'ono wanu,
Yamikani